Mafunso a Owerenga: Chikondi, Chikhululukiro ndi Ng'ombe za ku Montana

Makalata amene tasankha mwezi uno akukhudza mtundu umodzi wa mabuku: nkhani zopeka zachikondi zachikhristu zochitikira m'mafamu a ng'ombe a kumadzulo kwa America, momwe awiri amene adalakwirana kale amakumananso. Ena mwa otilemberawa amangowerenga, ena akuyesa kulemba zawo. Makalata onse tawafupikitsa.

Pa kaunjika wa mabuku ndimapezapo timabuku tachingerezi tokhala ndi chithunzi cha mwamuna wa chipewa chachikulu ataima pafupi ndi hatchi. Ndawerenga tisanu ndipo tonse tathera paukwati. Amatisindikiza ndani, nanga timafaniranji chonchi? — Wowerenga, Lilongwe

Tambiri mwa timabuku timeneto ndi ta gulu la Love Inspired, limene lidayamba mu 1997 pansi pa kampani ya Harlequin ya ku Toronto, m'dziko la Canada. Makampani ena achikhristu a ku America, monga Bethany House, amatulutsanso nkhani zotere koma zotalikirapo.

Kufanana mwakuonako ndi pangano la pakati pa wosindikiza ndi wowerenga. Buku la Love Inspired limakhala ndi mawu pafupifupi 55,000, mulibe kutukwana, mulibe zakuchipinda, chikhulupiriro cha ampangankhani chimakhala ndi gawo pa zisankho zawo, ndipo pamapeto awiriwo amakhala limodzi. Wogula amadziwa kale kuti adzatengana. Chimene akulipira n'chakuti aone njira yake ndi mtengo umene aliyense adzapereke.

Famu ya ng'ombe, imene eni ake amaitcha ranch, imathandiza chifukwa siipatsa munthu pothawira. Kumadera ouma a Montana ndi Wyoming, zigawo za kumadzulo kwa America, ng'ombe imodzi ndi mwana wake zimafuna maekala 20, 30 kapena kuposa, choncho famu imakhala ya maekala zikwizikwi ndipo oyandikana nawo ndi owerengeka. Ku Montana ng'ombe n'zambiri kuposa anthu. Amene mudakangana naye mudzampeza kutchalitchi, kusitolo ya zakudya za ziweto ndi kumsika wa ng'ombe, ndipo galimoto yanu ikatitimira m'chipale ndi yemweyo adzakukokani.

Ndikulemba buku langa loyamba. Mnyamata adathawa bwenzi lake kutatsala sabata kuti akwatirane, wabwerera patatha zaka khumi. M'mutu wachitatu wapepesa, mtsikanayo monga Mkhristu wamukhululukira. Tsopano ndauma, sindikudziwa cholemba m'mitu yotsalayo. Ndalakwitsa pati? — Mlembi wachinyamata, Zomba

Achimwene, mwaphika zinthu zitatu mumphika umodzi: kukhululuka, kukhulupiriranso ndi kubwererana. Buku lanu lagona pa kusiyana kwa zitatuzi.

Kukhululuka ndi kufafaniza ngongole. N'chifukwa chake pa Mateyu 18 Yesu adafotokoza za chikhululukiro ndi fanizo la wantchito amene adakhululukidwa matalente 10,000 koma n'kukatsamwitsa mnzake pa kangongole kochepa. Zimenezi munthu angathe kuzichita yekha pamaso pa Mulungu, wolakwayo kulibe. Mtsikana wanu angakhale kuti adakhululuka zaka zisanu zapitazo. Kukhulupiriranso n'kwina: kumafuna umboni ndi nthawi. Kubwererana ndiye kumafuna onse awiri, ndipo si ngongole ya munthu aliyense. Mtsikanayo akanena m'mutu wachitatu kuti, "Ndidakukhululukira kalekale, koma makiyi a nkhokwe sindingakupatse," nkhani yanu yadzuka pomwepo.

Werenganinso Genesis kuyambira mutu 42 mpaka 45. Yosefe sadziulula tsiku loyamba. Amabweza ndalama m'matumba, amasunga Simeoni, amaika chikho m'thumba la Benjamini, ndipo amadziulula pokhapokha Yuda atadzipereka kukhala kapolo m'malo mwa mng'ono wake. Abale aja adaikidwa pa yesero lomwe lija limene adagwa nalo poyamba, lotaya mwana wokondedwa wa bambo awo, ndipo ulendo uno adasankha mwina. Mafupa a nkhani ya mwayi wachiwiri ndi amenewa.

Tiyerekeze kuti mwagawa mawu 55,000 m'mitu 20, uliwonse wa mawu pafupifupi 2,750. Awiriwo akumane m'mutu woyamba, osati wachisanu. Pofika mutu wachitatu pakhale chifukwa chowamangirira pamodzi chimene sangachikane: bambo a mtsikanayo athyoka m'chiuno ng'ombe zili pafupi kuyamba kubereka, ndipo palibe wina wodziwa ntchito amene angapezeke msanga. Kuyambira mutu 4 mpaka 9 agwire ntchito limodzi, wowerenga azimva za mlandu wakale pang'onopang'ono, mwina kwa mlongo wake, mwina kwa mayi wa kutchalitchi. Kuulula kwenikweni kubwere chapakati, cha m'mutu 10. Kenako chikhulupiriro chiyambe kuphuka pa zinthu zazing'ono: wanena kuti afika 4 koloko m'mamawa ndipo wafikadi, kawiri, katatu, kakhumi. Cha m'mutu 16 kapena 17 yesero lakale libwerenso ndi nkhope yatsopano, mtsikanayo aganize kuti zija zayambiranso. Pampondachimera mnyamatayo asankhe kukhala, ndipo kusankhako kumutayitse chinthu chooneka ndi maso, kaya ntchito yabwino kutauni, kaya hatchi imene amainyadira.

Pakupepesa pomwepo alembi ambiri amapunthwa. Amalemba kuti, "Pepa ngati ndidakukhumudwitsa, koma ndinali mwana." Mawu akuti "ngati" ndi "koma" apha zonse. Wolapa amatchula chimene adachita ndi dzina lake, amatchula chimene mnzakeyo adataya, sapempha yankho tsiku lomwelo, ndipo amabweza chimene chingabwezeke, monga Zakeyu adalonjezera kubweza kanayi. Mwachitsanzo: "Ndidachoka usiku osakuuza. Udapita wekha kukauza abusa ndi abale ako kuti ukwati kulibe. Ngongole ya phwando idagwera bambo ako, adagulitsa ng'ombe zisanu ndi imodzi. Ndabwera ndi ndalama zake." Akatero atseke pakamwa, ndipo mtsikanayo angotuluka kukadyetsa ng'ombe osayankha.

Chenjeraninso ndi mlandu wabodza. Ngati m'mutu 18 zikudziwika kuti mnyamatayo sadalakwe konse, kuti kalata yake idangobisidwa ndi munthu wansanje, ndiye kuti panalibe chokhululukira ndipo wowerenga mwamunamiza. Mlandu ukhale weniweni. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo zaka khumi zija sizidauchotse, zangoukwirira.

Sindinaonepo chipale chofewa, hatchi sindinakwerepo. Ndingalembe bwanji za famu ya ku America osachita manyazi? — Mphunzitsi, Mzuzu

Yambani ndi kalendala ya ntchito, chifukwa ndiyo imalamula chilichonse, ngakhale nthawi imene awiri angapeze mpata wocheza. Tikamba za mafamu a kumpoto monga Montana, Wyoming ndi zigawo ziwiri za Dakota. Ku Texas, kummwera, nyengo n'njofunda ndipo miyezi imasinthako.

Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283. Alimi ambiri a kumeneko amalowetsa nkhunzi m'gulu cha mu Meyi, Juni kapena Julayi, nkhunzi imodzi yokhwima pa zazikazi 25 mpaka 30, kuti ana abadwe pakati pa Febuluwale ndi Epulo. Cha mu Epulo mpaka Juni amadinda anawo chizindikiro ndi chitsulo chamoto, kuwabaya katemera ndi kufula amphongo. Juni mpaka Ogasiti ndi nthawi yothirira, kutchetcha udzu ndi kuumanga m'mitolo yotchedwa mabelo. Cha mu Okutobala amaletsa ana kuyamwa, ali ndi makilogalamu pafupifupi 230 mpaka 270, n'kuwagulitsa. Zazikazi amaziyeza, ndipo imene ilibe bere kawirikawiri imagulitsidwa. Ikangolowa nyengo yozizira ntchito ndi kudyetsa udzu wouma tsiku ndi tsiku ndi kuswa madzi oundana m'zomwera.

Onani bwino pamenepa: famu yotere imalandira ndalama yaikulu kamodzi pachaka, ana akagulitsidwa. Chaka chonse imayendera ngongole ya kubanki. Ngati mukufuna tsiku loopsa loti nkhani ithamangireko, ndi limenelo. Udzu nawo uli ndi masamu ake. Ng'ombe ya makilogalamu 550 imadya makilogalamu 12 mpaka 14 a udzu wouma patsiku. Pa masiku 150 ndi matani pafupifupi awiri, ndiye gulu la ng'ombe 200 likufuna matani 400. Udzu ukamangidwa m'mabelo usanaume bwino umatentha m'kati mpaka kuyaka wokha. Mpangankhani amene adafulumira kumanga udzu wonyowa chifukwa cha liuma, mulu wonse n'kupsa, ali ndi mlandu umene mlimi aliyense angaumve kuwawa kwake.

Nyengo yobereka ndiyo golide wa mlembi. Ng'ombe zobereka koyamba, za zaka ziwiri, amaziyendera usiku wonse, maola awiri kapena atatu alionse, ndi tochi, kuzizira kukufika madigiri 20 pansi pa ziro nthawi zina. Mwana akamabwera bwino kumayamba kuoneka ziboda ziwiri zakutsogolo zitayang'ana pansi, mphuno ili pamwamba pake. Ziboda zikayang'ana kumwamba, nthawi zambiri ndiye kuti watsogoza miyendo yakumbuyo, ndipo pamafunika changu. Ng'ombe yoyamba kumene ikakankha kwa ola lathunthu popanda kusintha, amailowetsa m'khola, kusamba m'manja, kuvala magolovesi aatali ndi kupima. Amakoleka tcheni pamwendo uliwonse, mfundo imodzi pamwamba pa kamfundo ka mwendo, ina pansi pake, kuti fupa lisathyoke. Amakoka pamene mayi akukankha, n'kupuma iye akapuma, mwendo umodzi patsogolo pang'ono kuti mapewa adutse limodzilimodzi. Mwana akatuluka amamupukuta mphuno ndi kumugirigisha ndi kaudzu kuti ayetsemule. Ayenera kuyamwa mkaka woyamba wachikasu uja, malita ngati awiri, m'maola ochepa oyambirira, chifukwa likatha tsiku matumbo ake salandiranso chitetezo chimene chili mumkakamo. Wozizidwa amamunyamulira m'galimoto pafupi ndi mpweya wotentha, kapena kukhitchini kwenikweniko.

Ikani awiri anu amene sakulankhulana m'khola limenelo 2 koloko usiku, wina wagwira tochi, wina tcheni. Safunika kukamba za chikondi. Mawu awo ndi akuti "dikira", "tsopano", "koka".

Pali mwambo wina umene alimi amachitadi. Ng'ombe ikafetsa mwana, pomwe pali kamwana kena kamasiye kapena kamapasa kosowa mkaka, amasenda chikopa cha kakufako n'kukaveka kamoyoko ngati jekete, mchira osauchotsa, chifukwa mayi amazindikira mwana wake pomununkhiza, makamaka kumbuyo. Poyamba amakayikira, mwina kukaponda kumene. Pakapita masiku awiri, atatu kapena anayi, mkaka wake utadutsa m'thupi la kamwanako, amakalandira, ndipo chikopa chija, chimene tsopano chikununkha, amachivula. Mlembi aliyense wachikhristu akuona kale zimene zili m'chithunzi chimenechi. Tikupemphani chinthu chimodzi: musachimasulire. Mpangankhani akangotsegula pakamwa kuti "umu ndi momwe Mulungu amatilandirira," mwachiphwanya. Lembani fungo, mpeni, manja ozizira, ndi mayi uja akutembenuza mutu kuyamba kunyambita.

Zing'onozing'ono zimene zimaulula mlendo: geti amalisiya momwe walipezera, lotseka litsekedwe, lotsekula likhale chotsekula. Masiku ano ntchito yambiri imayendera mathirakitala, mapikapu ndi njinga zamoto za matayala anayi, hatchi si ya tsiku lililonse pa famu iliyonse. Ndipo mlimi sumufunsa kuti ali ndi ng'ombe zingati, n'chimodzimodzi kumufunsa za ndalama zake kubanki.

Mkonzi wina wandiuza kuti mabanja awiri a m'nkhani yanga akudana popanda chifukwa chomveka. Alimi a kumeneko amakanganirana chiyani kwenikweni? — Mlembi, Johannesburg

Madzi, mpanda ndi cholowa. M'zigawo zambiri za kumadzulo lamulo la madzi limati amene adayamba kugwiritsa ntchito mtsinje ndiye woyamba kutunga. Ufulu wa madzi uli ndi chaka chake, ndipo pachilala mwini ufulu wakale amathirira mokwanira pamene wa ufulu watsopano atsekeredwa ngalande. Munthu wotsekula chitseko cha ngalande usiku kuti apulumutse udzu wake waba chakudya cha ng'ombe za mnzake cha nyengo yozizira. Udani wotere umafika kwa zidzukulu.

Za mpanda, m'madera ena lamulo limati wosafuna ng'ombe za eni m'munda mwake ndiye amange mpanda. Waya waminga, umene Joseph Glidden adalembetsa kuboma ngati luso lake mu 1874, umaduka ndi chipale ndi nyama zakutchire, ndipo nkhunzi ya mnansi ikalowa nthawi yolakwika imasokoneza kalendala ya chaka chonse. Alimi ambiri amadyetsanso pa malo a boma ndi chilolezo, dongosolo lochokera ku lamulo la Taylor Grazing Act la 1934.

Koma chowawa kwambiri ndi cholowa. Mwana mmodzi adatsala pafamu zaka makumi awiri akugwira ntchito ndi malipiro ochepa, mnzake adapita kutauni, ndipo makolo pomwalira agawa mofanana. Wakutauni akufuna gawo lake m'ndalama, wotsalayo alibe ndalama, chuma chonse chili m'nthaka. Apa muli ndi mkulu wake wa mwana wolowerera wa pa Luka 15, amene alembi ambiri amamuiwala ngakhale kuti ndiye ali ndi funso lovuta. Ngati nkhani yanu ili ndi kuba ng'ombe, kumbukirani kuti ku Montana ndi Wyoming oyendera zizindikiro amaona chidindo ndi mapepala ng'ombe isanagulitsidwe, choncho wakuba wanu afunika njira yomveka.

Chiyanjano nachonso chili ndi malo ake. Tsiku lodinda ng'ombe limafanana ndi dima: anansi amabwera kudzathandiza, mwini famu amagawa ntchito, pamapeto pamakhala chakudya, ndipo sabata yotsatira onse amapita kwa wina. Kusaitanidwa ndi chilango. Munthu amene wakhala zaka osaitanidwa akalandira foni yoti "Loweruka tikudinda, ubwere ndi chingwe chako," mudzi wamukhululukira ngakhale palibe watchula mawuwo.

Ndine mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu. Ndikuda nkhawa kuti mabuku otere amaphunzitsa atsikana kubwerera kwa amuna owazunza m'dzina la chikhululukiro. Kodi ndiwaletse? — Mayi, Kasungu

Mayi, nkhawa yanu ndi yoona ndipo sitikuichepetsa. Buku loipa la mtundu umenewu lingathe kuvulaza. Koma m'malo moletsa onse, aphunzitseni kusiyanitsa.

Funsani mafunso awa pa buku lililonse. Kodi mlandu wa mwamunayo ndi wotani? Mabuku abwino amasankha kuthawa udindo, kunyada, bodza, kumwa kumene munthu adakusiya zaka zapitazo ndipo pali anthu omuyang'anira. Kumenya, kuopseza ndi kulamulira mkazi ngati katundu si zinthu zothera pa kupsompsonana m'mutu womaliza. Kodi ndani akunyamula katundu wa kusintha? Ngati buku lonse likukankha mkazi kuti afewetse mtima pamene mwamuna wangogwetsa misozi kamodzi, litayeni. Kodi mkaziyo ali ndi ufulu wokana, nkhani n'kumulemekezabe? Pa Luka 17 Yesu akuti m'bale akachimwa umdzudzule, akalapa umkhululukire. Kudzudzula kulipo, kulapa kulipo. Ndipo mkazi amene wakhululuka mumtima koma wakana kubwerera m'nyumba yoopsa sadachimwe. Mtsikana amene akumenyedwa afunika chitetezo, abale ndi apolisi, osati buku lachikondi.

Mudzaonanso kuti alembi ambiri amagwiritsa ntchito amasiye, zibwenzi zimene zidatha, kapena okwatirana amene apatukana koma ukwati ulipobe. Chifukwa chake n'chakuti mipingo imasiyana pa za kukwatiranso ukwati ukatha. Akatolika salola pokhapokha bwalo la mpingo litapeza kuti ukwati woyambawo sunali womanga, pamene mipingo ina imalola potsatira Mateyu 19:9 ndi 1 Akorinto 7:15. Mlembi adziwe mpingo wa ampangankhani ake ndipo asauseweretse.

Kwa olemba tionjezerepo ichi: ulaliki wa masamba atatu suwerengedwa. Pemphero la mizere iwiri la munthu wotopa, ali m'pikapu injini ikulira, limagwira mtima kuposa. Ndipo kutchalitchi kwa kumeneko kuli zooneka zake. M'matchalitchi a oweta ng'ombe, amene ndi ambiri ku Texas, anthu amalowa ndi majombo a kuntchito ndipo ubatizo umachitikira m'chomwera cha ziweto.

Bwanji ndingoisamutsa nkhani yotere, ichitikire ku Chikwawa? — Wophunzira, Blantyre

Mungathe, ndipo tingakondwe kuiwerenga, koma musangovula munthu chipewa cha ku Texas n'kumupatsa dzina lakwathu. Kalendala isinthe yonse. Kuchigwa cha Shire ng'ombe zimavutika kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, msipu utauma, dzuwa likuswa mtengo, kenako pakati pa Januwale ndi Malichi kumabwera madzi osefukira amene amakokolola makola. Matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limaletsa kuyendetsa ndi kugulitsa ziweto, ndipo bambo amene amadalira kugulitsa ng'ombe ziwiri kuti alipire fizi amangogwira njakata. Pali nkhupakupa ndi dipi, pali akuba a usiku, pali mlandu wa ng'ombe zodya m'munda wa eni umene umakathera kwa amfumu.

Chachikulu n'chakuti kwathu kuno awiri sabwererana okha pansi pa mtengo. Pali ankhoswe, pali amalume, pali akulu a mpingo, ndipo aliyense ali ndi bala lake pa mlanduwo. Dziwani ngati banja lanu ndi la Asena, kumene malowolo ndi mzere wa kuchimuna zili ndi mphamvu, kapena la Amang'anja, chifukwa funso loti ng'ombe ndi za yani ndiponso ana ndi a kuti lidzayankhidwa mosiyana. Mnyamata wanu angathe kukhululukidwa ndi mtsikana m'mutu 12 koma n'kukhala akudikirabe pamkeka kuti amalume atsegule pakamwa m'mutu 19.

Musanalembe mutu woyamba, kagoneni masiku angapo kumudzi kumene kuli khola. Dzukani mbandakucha nthawi yokama, tsatirani mbusa mpaka kudambo, ndipo mumufunse maina a ng'ombe zake, imene imatsogolera, imene imaponda pokama, ndi imene mwini wake adakana kuigulitsa ngakhale chaka cha njala.